Sabata ya machumuni ku South Bend

Okutobala akangofika kuno ku Indiana, foni ya ku ofesi kwathu imalira osapuma. Anthu amene nyengo yonse yotentha analibe nazo ntchito za chumuni amadzidzimuka kuti chipale chofewa chochokera kunyanja ya Michigan chayandikira ndipo bilu ya gasi ikwera. Ine ntchito yanga ndi kusesa machumuni ndi kuika mbaula za nkhuni m'nyumba za anthu. Sabata yathayi nkhani yaikulu inali ya insert, mbaula yachitsulo ya chitseko chagalasi imene timailowetsa m'kamwa mwa fireplace, malo osonkhapo moto omangidwa m'khoma la nyumba, kuti nkhuni zizifunditsa nyumba, kutentha kusamangothawira kudenga.

Lolemba tinali kwa bambo wina wopuma pa ntchito. Insert anali atagula kale kwa munthu pa intaneti, itakhala m'galaja kudikira ife. Fireplace yawo ukaiona ungalumbire kuti ndi yanjerwa. Ndinagogoda m'kati ndi chala, inalira ngati chitini. Nyumba zambiri kuno zili choncho: bokosi lamalata lopangidwa ku fakitale, lokhazikidwa pakati pa matabwa a khoma, ndipo zooneka ngati njerwazo ndi timapanelo chabe. Chimene chimateteza matabwa kuti asapse ndi mpweya wozizira umene umalowa pa timazenera tapansi, n'kudutsa pakati pa malata, n'kutulukira pamwamba.

Ndinawalitsa tochi kufunafuna kachikwangwani kachitsulo kamene amakhomera pafupi ndi kukamwa. Kanali kolembedwa UL 127, chizindikiro cha bungwe loyesa chitetezo cha katundu chosonyeza kuti ndi fireplace ya ku fakitale, ndi nambala ya mtundu wake. Buku la fireplace imeneyo tinalipeza pa foni, ndipo likukana poyera kuti musaikemo insert ya mtundu uliwonse.

"Bambo, pepani, iyi sitikuikirani," ndinatero.

"Koma ikukwana bwinobwino, ndinayeza ndekha ndi tepi."

Kukwana kokha si nkhani. Moto wa fireplace yotsegula umayaka maola ochepa, utsi wake utasakanikirana ndi mpweya wambiri wa m'chipinda. Insert imasunga moto usiku wonse, tsiku ndi tsiku, mpaka Malichi. Thabwa limene likuwambidwa choncho zaka zingapo limasintha m'kati, limafika poyaka ndi kutentha kochepa kumene kale silikanakumva n'komwe, ndipo zonsezi zimachitika kuseri kwa khoma kosaoneka. Chumuni cha fireplace zambiri zoterezi anachiyesa pa madigiri 1,700 a Fahrenheit, pomwe cha mbaula, cha UL 103 HT, amachiyesa pa 2,100, amene ndi pafupifupi 1,150 a Celsius. Choncho pamafunika kuti opanga insert alembe kuti yawo inayesedwa m'fireplace ya ku fakitale, ndiponso opanga fireplace asaletse. Mbali imodzi ikasowa, nyumba ikapsa a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Abwana anawauza njira ziwiri, kugumula bokosilo n'kuikapo lina lopangidwira moto wa usiku wonse, kapena kuimika mbaula payokha ndi chumuni chakechake. Bambowo anatiperekeza pakhomo nkhope ili gwa. Sindikuwadzudzula, ndalama inali itapita kale.

Lachiwiri ndi Lachitatu kunali kusesa basi. Mwaye, zisa za mbalame, ndi creosote, phula lakuda limene utsi wa nkhuni zaziwisi umasiya m'paipi ndipo ndi limene limayaka chumuni chikagwira moto. Aliyense amati nkhuni zake n'zouma. Ndimawaza chikuni pakati, n'kubaya kamita koyezera chinyezi m'kati iwo akuona. Zoyenera n'zosapitirira 20 peresenti ya chinyezi, ndipo mtengo wolimba wa oak umafuna pafupifupi zaka ziwiri utawazidwa.

Lachinayi ndiye tinaika insert yovomerezeka, kwa mayi wina amene mabuku onse awiri, la fireplace ndi la insert, anawasunga m'kabati. Tisanatsitse kanthu m'galimoto tinalowetsa kamera m'chumuni, monga NFPA 211, buku la malamulo a machumuni, imanenera kuti posintha mbaula pakhale kuyendera kwa Level 2, koona mpaka m'kati mwa chumuni ndi m'siling'i. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa anakwera m'siling'i n'kukuwa kuti, "Achimwene, tabwerani muone." Amene anadzathira insulation, yosunga kutentha m'nyumba, anaiunjika mpaka kukhudza paipi, pamene pafunika mpata, kawirikawiri wa mainchesi 2. Tinaikokolola ndi manja n'kutchingapo ndi chitsulo chake.

Kenako liner, paipi yachitsulo chosachita dzimbiri ya mainchesi 6, yovomerezeka pa UL 1777, yokutidwa ndi bulangete losapsa. Imachokera pamutu pa insert mpaka pachipewa cha chumuni osadukiza. Ena amangoika kachidutswa kakafupi n'kusiya utsi uzidzionera wokha njira, koma ife ayi. Ine ndinali padenga kuitsitsa, mnyamata pansi akukoka chingwe. Pamwambapo m'pamene ambiri amalakwitsa: amatseka ndi mbale yachitsulo n'kumata paliponse kuti mvula isalowe, osadziwa kuti atsekanso njira ya mpweya woziziritsa chumuni chakalecho. Pansinso chimodzimodzi, chitsulo chokongoletsa m'mbali mwa insert chisaphimbe timazenera tija, ngakhale mwini nyumba atadandaula kuti sitikuoneka bwino. Mayiwo anadandauladi pang'ono.

Damper, kachitseko kotsekera njira ya utsi, tinaichotsa monga buku linalolera, n'kukhomera kachikwangwani konena kuti fireplace iyi yasinthidwa, isasonkhedwenso moto insert itachotsedwa. Mbali ya mbaula yotulukira kunja kwa fireplace tinaiikira chochirikiza, poti malata a pansi sanapangidwire katundu wolemera choncho. Kutsogolo kwa chitseko kunafunika mainchesi 16 a malo osapsa, ndiye kapeti tinaidula. Mbaulayo ndi ya malamulo a mu Meyi 2020 a EPA, bungwe la boma loona zachilengedwe, osalola utsi woposa magalamu 2 pa ola, kapena 2.5 ngati anaiyesa ndi nkhuni wamba. Tinasonkha kamoto kakang'ono kuti penti iume, nyumba yonse kununkha, mawindo tatsegula. Alamu yawo ya carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha, inali yopanda batire, ndinaikamo langa la m'thumba.

Lachisanu kunagwa mvula, ndipo denga lonyowa sitikwera. Ndinaswera mu ofesi kukonza zithunzi ndi mapepala a pemiti kuti woyendera wa boma akadzafika kwa mayi aja apeze zonse zili m'malo. Pandandanda wa sabata yamawa pali kale nyumba zina zofuna insert, ndipo ndapempha a ku ofesi kuti aliyense ayambe watumiza chithunzi cha kachikwangwani ka fireplace yake asanagule chilichonse.