Njinga Yogona Inandilipitsa Tambala

Chimene chinandithamangitsa pa njinga wamba ndi chishalo. Amene amangopalasa kuchoka ku Area 25 kukafika ku Kanengo sangamvetse. Ife amene tinagwidwa ndi nthenda yopalasa maulendo ataliatali Loweruka, uku ku Mchinji, uku ku Dedza, timadziwa kuti ukadutsa makilomita 80 miyendo siidandaula kwenikweni. Podandaula ndi pokhalira. Pamayamba kutentha, kenaka dzanzi, kenaka umayamba kusinthanitsa mbali, yakumanja ikapsa uyikepo yakumanzere. Zala nazo zimachita dzanzi pahandulo, khosi limauma chifukwa wawerama koma mutu uyenera kuutukula kuti uone kutsogolo. Lamulungu kutchalitchi ndinkaimirira nyimbo zonse, ndi zomwe ena amaimba atakhala pansi, mpaka akulu a mpingo anayamba kunong'onezana kuti ndakula mu uzimu.

Usiku wina ndikuonera pa YouTube ulendo wa Paris-Brest-Paris, uja wa makilomita 1,200 umene umachitika ku France zaka 4 zilizonse ndipo wopalasa amayenera kumaliza asanathe maola 90, ndinaona anthu ena pakati pa chikhamucho atagona chagada pamipando, miyendo kutsogolo, akupalasa uku akumwetulira. Anzawo nkhope zili gwaa ndi ululu, iwo akuyang'ana mitengo. Njinga zimenezi amazitcha recumbent. Nzeru yake njosavuta: thupi lako silitsamira pa kachishalo kakang'ono, limagawana kulemera msana wonse ndi chiuno. Chachiwiri ndi mphepo. Pamalo athyathyathya, ukamathamanga, mphamvu zambiri zimathera pokankhana ndi mphepo, ndiye munthu wogona mphepo imamupeza wochepa. Ndinawerenganso kuti mu 1933 Mfalansa wina, Francis Faure, anapalasa makilomita 45 mu ola limodzi pa njinga yotere yopangidwa ndi Charles Mochet, n'kuphwanya mbiri ya Oscar Egg imene inakhala chikhalire kuyambira 1914. Chaka chotsatira, 1934, bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linaziletsa pa mipikisano yake. Zonsezi ndinaziloweza kuti ndizikawagometsa nazo anzanga.

Ku Lilongwe kuno simungaipeze musitolo. Ine ndinaipeza kwa mnyamata wina wogulitsa njinga za kaunjika, zija zimabwera m'makontena. Anali nazo ziwiri, ataziponya kuseri pamodzi ndi mafelemu akufa, poganiza kuti ndi makina a ku jimu.

Imodzi inali yaitali zedi, tayala lakutsogolo lili kutsogolo kwa mapedulo, mpando uli pansi, mapedulo nawo ali pansi moti kutsitsa phazi n'kosavuta. Inayo inali yaifupi: mapedulo atulukira kutsogolo kwa tayala, ali m'mwamba kuposa mpando, ndipo zowongolera zili kunsi kwa mpando, moti manja amangolendewera m'mbali mwa thupi. Tayala lakutsogolo la mainchesi 20, lakumbuyo la 26, tcheni chake kutalika kwake pafupifupi matcheni atatu a njinga wamba.

Mnyamatayo anayesa zonse ziwiri pamaso panga, anagwa ndi yaifupi, n'kudzuka akudzisasa fumbi.

"Abwana, tengani yaitaliyi. Iyi ili ndi chiwanda."

Ndinamufotokozera modekha, monga munthu amene wawerenga, kuti yaifupi ndi yopepuka, imakhota bwino, imathamanga, ndiponso ingakwane m'kholido mwathu. Tinasuntha chitsulo cha mapedulo kuti chifanane ndi kutalika kwa miyendo yanga, ndinalipira, n'kuikankha wapansi mpaka kunyumba chifukwa kuikwera sindinkadziwa.

Mayi a kunyumba anaizungulira, anaigwira mpando, n'kundiyang'ana.

"Abambo, ndalama ya malata ija ndi imeneyi?"

Ndinati malata sathawa. Iwo anati mvula nayo siithawa, n'kulowa m'khitchini.

Kuyamba ndiye kunali nkhondo. Pa njinga wamba umakankha ndi phazi, ikayamba kuyenda n'kulumphirapo. Pa iyi umagona kaye, n'kukweza phazi limodzi kumwamba kukapeza pedulo, n'kuponda mwamphamvu, ndipo lachiwirilo liyenera kunyamuka nthawi yomweyo. Ukakayika pang'ono, umapendekera kumbali pang'onopang'ono, uku ukuona kuti ukugwa koma palibe chimene ungachite. Ubwino wake kugwerako si patali. Ndinkaphunzirira pabwalo la mpira m'mawa kwambiri, koma ana a kwathu sagona. Ankabwera ndi phala m'makapu kudzakhala pamzere. Ndinazindikiranso kuti ukakhota mwamphamvu chidendene chimagunda tayala lakutsogolo. Nditayamba kuidziwa, ndinamangirira nsungwi kumbuyo kwa mpando n'kupachikapo kansalu kowala kuti oyendetsa malole azindiona, poti mutu wanga unkalekeza m'munsi mwa zenera la galimoto laling'ono.

Tsono linafika Loweruka la ulendo wa ku Salima, makilomita pafupifupi 100, kutsika kuchoka pamtunda wa Lilongwe kulowera kunyanja. Unali mwezi wa Okutobala. Pa njinga yogona dzuwa silikuwotcha kumsana, limakupeza kumaso ndi pamimba, choncho ndinavala malaya oyera a manja aatali, magalasi akuda, ndi kansalu koyera kophimba mphuno ndi pakamwa chifukwa cha fumbi. Zovala zimenezi muzisunge m'mutu.

Titakhota pa Kanengo kulowa msewu wa ku Salima, zinthu zinali bwino kwabasi. Msana phee, pokhalira phee, ndikuona mitambo imene kwa zaka zonsezi sindinkaiona. Pamalo osalala anzanga ankandiyang'ana mwansanje. Koma msewu umenewu uli ndi zitunda, ndipo pachitunda njinga yogona imakuuza zoona. Sungaimirire pamapedulo kuti thupi likuthandize. Umangotsitsa magiya n'kumazunguza miyendo m'mwamba, njinga ikuyenda mozengereza, ikufuna kugwa. Anzanga anazimiririka. Bambo wina wokankha njinga ya matumba a makala anandipeza, anayenda nane limodzi kwa kanthawi, kenaka anafunsa mwaulemu:

"Pepani achimwene, zinayamba liti?"

Ndinati sindikudwala. Anagwedeza mutu mwachifundo, n'kunena kuti ndi mtima umenewo umene umachiza. Anandipitirira ndi makala ake.

Chakutsogolo, titadutsa pa Chezi, msewu unayamba kutsetsereka, ndipo nthawi yanga inakwana. Njinga ija inangoti fyuu. Anzanga aja ndinawapeza mmodzimmodzi atawerama pamahandulo, ine n'kuwadutsa chogona, osapalasa n'komwe. Mmodzi ndinamuimbira belu.

Chimene a pa YouTube sanena n'chakuti mapazi ndi maondo ako zimakubisira msewu wa pafupi. Zakutali umaziona bwino, koma za pansi pamphuno pako umazidziwa utaziponda. Masamba aja oyalidwa mopingasa msewu ndinawadziwa atalira pansi pa tayala. Aliyense wobadwira kuno amadziwa tanthauzo lake: pamudzi pali zovuta, wagalimoto achepetse liwiro, wanjinga atsike, avule chipewa, ayende wapansi mpaka akadutse masamba achiwiri. Ndinagwira mabuleki, koma liwiro linali lambiri, ndipo kutsika pa njinga imeneyi kumafuna kukonzekera. Nyumba ya siwa inali m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Azimayi anali atadzaza pabwalo akuimba, azibambo ali pansi pa mtengo wa mango.

Taganizani zimene anaona anthu amenewa. Munthu wovala zoyera, nkhope yophimbidwa, wagona chagada, miyendo kutsogolo, manja ali tambalale m'mbali osagwira kanthu kooneka, akuyandama pang'onopang'ono kudutsa pasiwa, kansalu kakupepera pamwamba pake.

Nyimbo inadukira pakati pa liwu. Mayi wina anakuwa kuti, "Mayo ine, adzuka!" Ena anathamangira m'nyumba kukaona ngati bokosi lili chitsekere. Gogo wina anataya ndodo n'kuthamanga bwinobwino. Ine pofuna kukonza zinthu ndinakhotera kumbali kuti ndiime, chidendene chinagunda tayala, ndipo ndinakhuthukira mumchenga ngati thumba la chimanga logwa pangolo, pamapazi penipeni pa adzukulu amene ankachokera kumanda ndi makasu awo.

Sanandimenye, ndiyamike. Mmodzi anandivula kansalu kumaso, anandiyang'anitsitsa, n'kuuza anzake kuti, "Ndi wamoyo, ndi wa m'tauni." Anandinyamula ine mbali ina, njinga mbali ina, ulendo wa pansi pa mango.

Ndili chikhalire pansi pamaso pa amfumu, ndinaona anzanga aja akufika pamasamba. Anatsika mwaulemu, zipewa m'manja, n'kuyenda chamyaa, maso pansi. Mmodzi anapatuka, anaponya ndalama m'mbale ya chipepeso, anandiyang'ana m'maso, n'kupitirira. Munthu amene ndinamuimira umboni paukwati wake.

Nduna inawerenga milandu itatu: kusatsika panjinga, kusavula chipewa, ndi kudutsa pamaso pa mafumu chogona. Mlandu wachitatuwu, inatero ndunayo, sunachitikepo chiyambire mudzi, moti ngakhale mtengo wake sukudziwika.

Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinapepesa anamfedwa. Ndikanalekera pomwepo. Koma amfumu anafunsa kudzera mwa nduna kuti chinthuchi n'chiyani, ndipo maphunziro aja anandikwera. Ndinafotokoza za msana, za mphepo, za makilomita 1,200 a ku France. Ndinatchula Francis Faure, ndinatchula 1933. Anthu anali tcheru. Nditafika pa 1934, amfumu anakweza dzanja, ndipo apa sanadzerenso mwa nduna.

"Mwanena kuti anailetsa?"

"Pa mipikisano yokha, amfumu."

"Analetsa ndani?"

"Akuluakulu a zanjinga a dziko lonse lapansi."

"Ndiye kuti kwawo komweko eni ake anakhala pansi, anaiona, n'kuikana. Inu mwaitola, mwabwera nayo pamaliro athu."

"Anaikana chifukwa imathamanga kwambiri, amfumu."

"Zoti imathamanga taona tokha."

Pansi pa mango panamveka kutsokomola kwambiri, kuja anthu amatsokomola akamabisa phwete pamaliro. Chigamulo chinali tambala mmodzi ndi chipepeso m'mbale. Ndinati tambala ndimupeza kuti ine mlendo? Nduna inaganiza mozama, kenaka inakumbukira kuti mwamwayi akazi ake ali naye mmodzi wogulitsa. Mtengo wake unali woti ku msika wa ku Area 25 ndikanagula awiri ndi tomato yemwe. Tambalayo anafika atamangidwa kale miyendo, zimene zinandisonyeza kuti mayiwo ndi achangu pa malonda.

Mlandu utatha anthu aja anasanduka abale. Malemuwo, anandiuza, anali gogo amene anaona zidzukulutudzi, ndipo anali okonda nthabwala, moti mdzukulu wina anati akanakhalapo akanaseka mpaka kugwa pampando. Adzukulu anandiitanira pa nsima yawo. Amfumu anapempha kuti awagwirire njinga, anagonapo, anatambasula miyendo, anatseka maso kwa kanthawi, n'kugamula kuti mpando wokha ngwabwino, cholakwika ndi matayala.

Pofuna kunyamuka ndinapeza tayala lakutsogolo laphwa, chubu chitang'ambika pavalavu pomwe sipamatika. Chubu chapadera ndinali nacho, cha mainchesi 26, cha kumbuyo. Wokonza njinga wa pamudzipo anali ndi za 26 ndi 28 zokhazokha, za njinga za anthu. Anayang'ana katayala kanga n'kunena kuti saizi imeneyi imapezeka pa njinga za ana, ndipo mwana yekhayo amene ali nayo m'dera lonselo ndi wa aphunzitsi aakulu, amene apita naye kutchuthi.

Ku Salima sindinafike. Ndinabwerera pa lole ya matola, pamwamba pa matumba, ndikukangana ndi kondakitala amene ankati katundu wangayu alipire mtengo wa bedi. Ndinafika kunyumba kutada, ndikukonza m'mutu nkhani yoti tayala linangophulika basi. Mayi a kunyumba anali pakhonde, foni m'manja, ndipo kuchokera mufonimo ndinamva liwu la mayi uja: "Mayo ine, adzuka!" Kanemayo anali atazungulira kale pa WhatsApp ya azimayi a kumpingo.

"Takulandirani amalemu," anatero osatukula maso. "Madzi ali kubafa. Alamu anu aimba, akufunsa ngati pa katundu wamasiye angatengeko wailesi."