Inali wailesi, bwana

Poti ena mwayamba kale kundiitana kuti DJ pa gulu paja, bola ndifotokoze ndekha chifukwa nkhaniyi mwaithira mchere wambiri. Sindinagwade. Ndinangowerama kusaka foni kunsi kwa mpando, ndipo iwe unandijambula uli mu minibasi, Mulungu akukuona.

Inalira ndili pa Chipembere Highway ndangodutsa pa sitediyamu, kuyang'ana chonchi, apongozi. Nde inu mukuti ndikanangoisiya, munakwatira kodi? Apongozi akazi, chimanga chafika m'mawondo chikufuna feteleza wobereketsa, iwe nkumangoyang'ana foni ikulira mpaka kuduka yokha? Komanso galimoto sinkathamanga olo pang'ono, unali mzere wa madzulo uja, mnyamata wogulitsa nthochi anandipitirira kenako anabwereranso kudzanditsatsa.

Kufika cha pa Ginnery Corner ndangoona chipewa choyera, mkono uli m'mwamba. Mtima phaa. Ndinaitaya foni ija mwaluso ndithu, inatsetsereka pa ntchafu nkulowa kunsi kwa mpando, kungoti chala chachikulu chisanaisiye chinadina loudspeaker ine osadziwa.

Bwana uja anayamba wazungulira kutsogolo, kuona COF, kuona inshuwalansi, zonse zili mwakemwake, nkubwera pa windo.

"Mwaswera bwanji achimwene. Laisensi. Mumalankhula pa foni mukuyendetsa."

"Ine? Ayi bwana, ndimakanda khutu."

Ndipo ndinakandadi pompo kuti aone mmene ndimachitira. Anayamba kukayikira, ndikulumbira, nkhope inafewa, laisensi ija anali atayamba kundibwezera. Basi kunsi kwa matako anga kunatuluka mawu.

"HALOO? A mkamwini? Mwamva? Urea matumba awiri, NPK ndinathira kale!"

Zii. Ine kuyang'ana kutsogolo. Bwana kuyang'ana ine. Kenako kuyang'ana mpando. Kenako ine kachiwiri. Ndinamva thukuta likuyamba pa msana nkumatsika pang'onopang'ono mpaka pa lamba, ndipo m'mutu mwanga munali mayankho ambiri abwino koma pakamwa panasankha lake.

"Ndi wailesi bwana. Pulogalamu ya ulimi."

Sienta yanga inu mumaidziwa, wailesi yake imathera pa 90, zolemba zake zonse ndi za Chijapani, chigulireni imangodziwa kachimayi kaja kondipatsa moni ndikaliza injini. Koma ndinatambasula dzanja nkupotokola volume ngati munthu wodziwa chomwe akuchita. Ndikupotokola chotsitsa, apongozi nkumakwera. "KAPENA NETIWEKI? HALOO!" Ndinapotokola mpaka kabatani kanatsala m'manja.

Bwana uja sanaseke, ndi chimene chinandiopsa. Analowetsa mutu pa windo mwaulemu, chipewa chija chitagunda denga, nkulankhula ndi mpando wanga.

"Mayi, muli pa wailesi yanji?"

"Ndani ameneyo?"

"Apolisi a pamsewu mayi."

"Eee zikomo bambo, mwaswera bwanji? Ndimacheza ndi akamwini angawa, chiyambire ali pa sitediyamu, anena okha kuti ndifulumire akuyendetsa."

Umboni wathunthu, malo ndi nthawi yomwe, wochokera kwa munthu amene ndinamumangira khitchini ya malata.

Ndinayesabe. Ndinati bwana taganizani, apongozi sadulidwa foni, ndi chikhalidwe chathu. Anati lamulo silifunsa kuti waimba ndani, foni ili m'manja galimoto ikuyenda ndi mlandu basi, mukanapatuka nkuima pambali mukanacheza nawo mpaka mawa. Ndinati galimoto sinkayenda kwenikweni. Anati nanga pa sitediyamu mwachokapo bwanji. Apa ndinalibe mawu. Ndinalipira, anandilembera GR bwinobwino, ndipo akulemba choncho apongozi anali akuwauza bwanawo kuti andikumbutse zoti sitolo imatseka 5 koloko.

Mlamu wanga wa ku Leeds atamva akuti ndithokoze, kwawoko ndi £200 ndi mapointi 6 pa laisensi, ukakhala kuti laisensiyo sinakwane zaka 2 imapita yonse, ndipo chiyambire 2022 olo kungoigwira kuti usinthe nyimbo uli pa robot yofiira walakwa kale. Msuweni wa ku Cape Town naye akuti kumeneko amalanda foni imene. Ine ndinati koma ndiye zabwinotu zimenezo, akanalanda foniyo akanapita nawo apongozi omwe ku siteshoni akamalizitsane za Urea.

Chomwe simukudziwa nchakuti foni ija inakanirira mu njanji ya mpando. Kuti ndiyambe kuisolola pamaso pa bwana uja sizikanatheka, kuimanso patsogolo manyazi, nde ndinayenda nawo apongozi choncho ali kunsi kwa mpando mpaka ku Ndirande, akundifotokozera za mbuzi ya aneba yomwe ikudya nyemba, ine nkumangoyankha kuti "eya mayi" ndikuyang'ana pansi. Anthu a mu minibasi ina ankaona ngati ndikupemphera. Mayunitsi a apongozi amene amadandaula tsiku lililonse kuti atha, tsiku limeneli sanathe.

Urea ndatumiza thumba limodzi. Linalo mwezi ukatha, ndipo amene ali ndi super glue andibwereke ndimate kabatani kaja.