Waya wa batire umene ndinkazula injini ikulira

Sabata ino ndachita manyazi m'kalasi la magetsi a galimoto. Aphunzitsi atafunsa mmene tingadziwire ngati alternator (chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira) ikutchaja batire, ndinakweza mkono msangamsanga n'kunena kuti: lizani injini, zulani waya wa pa batire, ikapanda kuzima ndiye kuti zili bwino. Umu ndi mmene ndinkaonera amakaniko ena akuchitira, ndipo inenso ndachitapo kangapo. Aphunzitsiwo anangopukusa mutu n'kutola choko.

Ine ndinkayesa ntchito ya batire ndi kuliza injini basi. Sindinkadziwa kuti imamezanso magetsi akakwera mwadzidzidzi. Alternator ikamatchaja, magetsi amakhala pakati pa mavolti 13.8 ndi 14.4. Ukadula batire pa nthawi imeneyo, maginito a m'kati mwa alternator safooka pompopompo, ndiye magetsi amene amalowa mu batire amasowa kopita n'kuthamangira m'mawaya onse a galimoto. Akatswiri amati load dump. Pa galimoto ya mavolti 12 amatha kufika cha m'ma 100, ngakhale kuti kwa nthawi yosakwana theka la sekondi. Galimoto zakale zinkapirira, mwina kupsa babu lokha. Za masiku ano zadzaza makompyuta: ya injini, ya mabuleki a ABS, ya ma airbag.

Kenako aphunzitsi anatiyendetsera kabolodi kakufa ka ECU, kompyuta ya injini ija. Ndinakayang'anitsitsa. Pafupi ndi polowera mapini panali kadontho kakuda, kochepa ngati mutu wa machesi, ndipo kafungo ka pulasitiki yopsa kanali kasanathe. Kadontho kameneko n'kamene kanaimitsa galimoto yonse.

Ndinafunsa kuti nanga fyuzi imakhala ikutani. Apa mpamene ndinaphunzira kwambiri. Fyuzi imaduka ikatenthedwa ndi karenti yochuluka (magetsi ambiri oyenda m'waya), ndipo kutentha kumafuna kanthawi; fyuziyo siyang'ana mavolti. Pofika poti iduke, ngati ingaduke n'komwe, zinthu zapsa kale. Chimene chimalondera mavolti ndi TVS diode, kachipangizo kamene kamangokhala phee mpaka magetsi atadutsa malire, kenako n'kuwakhuthulira ku earth, kutanthauza chitsulo cha thupi la galimoto. Ma alternator ambiri atsopano ali ndi ma diode ogwira ntchito yofanana, amene amaletsa magetsi kupitirira cha m'ma 35. Komabe kwa ine chimenecho si chilolezo chowayesera dala.

Zojampa galimoto tinangodutsapo: osajampa ya mavolti 12 ndi lole ya 24, osasemphanitsa waya wofiira ndi wakuda, ndipo wakuda womaliza uzigwira chitsulo cha injini, kutali ndi batire. Powotcherera zitsulo pa galimoto, batire ichotsedwe kaye ndipo earth ya makina ikhale pafupi ndi pamene ukuwotcherapo.

Titatuluka panja anandipatsa multimeter, chipangizo choyezera magetsi, kuti ndiyankhenso funso lija. Injini ili chete ndinawerenga 12.6. Mnzanga atailiza, manambala anakwera n'kukaima pa 14.2, sipanala ili m'thumba.