Ulendo wathu wa ku Isiolo: mchenga, ngamila ndi msipu woletsedwa

Mamembala anzanga, ndati ndilembe kamodzi kuti nkhani ya galimoto ija isiye kukula, chifukwa ena ayamba kale kunena kuti tinagona m'tchire. Sitinagone m'tchire ayi.

Tinanyamuka ku Nairobi, likulu la dziko la Kenya, m'mamawa, n'kukagona ku Isiolo. Mawa lake, tikupita kwa abusa a mtundu wa Borana cha ku Garbatulla, galimoto inatitimira mumchenga wa mtsinje wouma. A Tcheyamani akuti tikankhe, a Msungichuma akuti tiyambe tatsitsa katundu, mkangano n'kubuka pomwepo dzuwa likuswa mtengo. Tinakumba ndi manja, tinayala nthambi, koma matayala ankangozungulira pamodzimodzi. Anatipulumutsa ndi anyamata anayi amene ankadutsa ndi ngamila zawo. Anaphwetsa matayala pang'ono, n'kumuuza dalaivala kuti ayambe wabwerera m'mbuyo, basi galimoto inatuluka. Atatero anatipatsa mkaka wa ngamila wa m'chipanda chofukiza ndi utsi, umene umathandiza kuti mkaka usasase msanga. Mayi Mlembi poyamba anakana, koma ndi iwo anamaliza chipanda chonse. Mukamva tikuwaitana kuti a Nangamila, dzinali linabadwira pamenepo.

Anthu amenewa aona zokhoma. Kuyambira 2020 mpaka kumayambiriro kwa 2023 mvula inakanika nyengo zisanu zotsatizana, ndipo m'dziko la Kenya munafa ziweto zoposa 2 miliyoni. A Borana ndi anthu a ng'ombe kuyambira makolo awo, koma ambiri tsopano akuweta ngamila, chifukwa imadya masamba a mitengo yaminga, imatha masiku ambiri osamwa, ndipo mkaka suphwa ngakhale pachilala. Amayi a ku Isiolo amatumiza mkakawo tsiku ndi tsiku ku Eastleigh mumzinda wa Nairobi, ndalama n'kulandira pafoni kudzera pa M-Pesa.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi dedha, bwalo la akuluakulu loyang'anira msipu ndi zitsime. Anatifikitsa pamalo pamene udzu unali chiimire, koma popanda mapazi a chiweto. Malowo amawatseka nthawi ya mvula, ndipo amadzawatsegula chilala chikafika povuta. Wolowetsamo ziweto nthawi isanakwane amalipitsidwa. A Msungichuma anafunsa chifukwa chake samangomanga makola n'kukhala malo amodzi. Gogo amene ankatitsogolera anayankha modekha kuti kumeneko mvula imagwa uku n'kudumpha uku, ndiye chiweto chosayenda chimafa. Anati chimene chikuwasowetsa tulo ndi mipanda imene ikutseka njira zopitira kumadzi. A Msungichuma anakhala chete mpaka madzulo, ndipo inu mukuwadziwa kuti sakhala chete wamba.

Tsiku lomaliza tinaphunzira za inshuwalansi ya ziweto imene bungwe lofufuza za ziweto la ILRI linayambitsa ku Marsabit, kumpoto kwa Kenya, mu 2010. Sawerenga ziweto zakufa. Amayang'ana pa zithunzi za setilaiti mmene msipu waumira, ndipo ukatsika kufika pamlingo wogwirizana, mbusa amalandira ndalama.

Zikomo a Tcheyamani potisunga pamodzi ngakhale mawu anakwera, zikomo dalaivala wathu, komanso mtsikana amene ankatitanthauzira mpaka mawu kusasa. Zithunzi tionera limodzi pamsonkhano wa mwezi uno, ndipo nkhani yopumitsa msipu wathu ndapempha kale kuti ikhale yoyamba kukambidwa.