Nthambi siziwala usiku

Aliyense woyendetsa galimoto pa M1 pakati pa Kasungu ndi Lilongwe amazidziwa nthambi. Lole ikafera pamsewu, wothandizira dalaivala amatsika, kuthyola nthambi za mtengo wapafupi, n'kuziyala pa tala kumbuyo kwa galimotoyo. Masana zimathandiza, sindikana. Koma usiku nthambi siziwala. Choipa china, loleyo ikakonzedwa n'kunyamuka, palibe amene amabwerera kukazichotsa. Zimakhala pomwepo mpaka kuuma, moti ife oyenda msewuwu kawirikawiri tinazolowera kuona nthambi popanda kanthu kutsogolo, ndipo phazi silichokanso pa moto.

Ine ndimayendetsa pikapu, kututa katundu wa m'golosale kuchokera ku Lilongwe kubwera naye pa boma la Kasungu pano. Tsiku lina chakumadzulo, nditangodutsa mlatho wa Bua, ndinapeza lole yodzaza mabelo a fodya itaima mumsewu, tayala limodzi litachotsedwa, ekiselo itakhala pa miyala. Kumbuyo kwake kunalibe nyali ngakhale imodzi yoyaka, nthambi zokhazokha. Ndinaima n'kufunsa dalaivala wake, bambo wachikulire ndithu wa imvi zake:

"Bambo, kodi ma triangle mulibe?"

"Alipo achimwene, ali kuseri kwa mpando. Ndikawaika pamsewu anyamata atola, ndiye mawa apolisi ndikawaonetsa chiyani?"

Sanali kuseka ayi. Ndipo mmene ndikuonera, ambiri a ife timaganiza chimodzimodzi. Lamulo limafuna kuti galimoto ikhale ndi ma triangle awiri, zizindikiro zonyezimira zoika pamsewu galimoto ikafa, ndipo timagula, koma timagulira apolisi a pa rodibuloko. Lamba timamanga tikangoona zovala zoyera patsogolo, tikadutsa timamasula. Tikakumana ndi apolisi ogwira othamanga, timaphethiritsa magetsi kuchenjeza anzathu obwera kutsogolo, iwo n'kutikwezera dzanja kuthokoza. Wa kabaza wa njinga yamoto chisoti amachipachika pa chiwongolero, wakweza mayi, mwana ndi thumba la soya, n'kuchivala pokhapokha akamalowa m'tauni. COF nayo, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ena amaipeza atabwereka matayala kwa mnzawo, n'kubweza madzulo ake. Mapepala onse ali bwinobwino pa galasi, laisensi ili m'thumba, koma galimotoyo mabuleki ake ndi opopa katatu.

Malamulo tili nawo, Road Traffic Act ya 1997 ilipo, nthambi ya boma yoona za pamsewu iliponso. Koma wapolisi sangaime pa khona iliyonse kuyambira pa Madisi mpaka pa Nkhamenya, makamaka usiku.

Tiyeni tiwerengetsere pang'ono, poti ambiri timangoyang'ana singano ya liwiro osaganiza tanthauzo lake. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Kuchokera pamene diso laona chinthu kufika pamene phazi laponda buleki, sekondi yapita kale, ndipo ngati mwatopa kapena mwalawako ndi yoposa apo. Ndiye mabuleki akagwira, galimoto siima pomwepo. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti iime umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake chikwangwani cha 50 polowa pa malo a malonda sichinaikidwe kuti chikongoletse msewu: pa 50, mwana wothamangira mpira mumamupulumutsa, pa 100 mumaponda buleki mutamugunda kale. Tsono onjezani kuti usiku, mukaika magetsi pa dimu chifukwa mukupatukana ndi basi, mumaona pafupi kwambiri kuposa mtunda umene mukufunika kuti muime. Ngati wa basiyo wakana kutsitsa magetsi ake, monga amachitira ena, mumayenda masekondi angapo muli wakhungu.

Nyengo ya fodya ndi imene imandiopsa kwambiri. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, malole akalekale amene anagona chaka chonse pansi pa mango amadzutsidwa, kusenzetsedwa mabelo kupyola msinkhu, n'kulowa mumsewu. Miyezi yomweyo ya Meyi, Juni ndi Julaye dzuwa limalowa msanga, pofika 6 koloko kwada. Anthu ali ndi ndalama m'thumba, mabala adzaza, oyenda pansi akudzandira m'mbali mwa tala atavala majekete akuda chifukwa cha chisanu. Njinga zakapalasa zonyamula makala zimatenga theka la msewu. Ine nthawi imeneyi sindipyola 70, ngakhale a ma Sienta andiimbire hutala kumbuyo. Apite, tikapezana pa Mponela akudikira anthu.

Ndiye pali ngolo. Ngolo ilibe nyali, ilibe hutala, ng'ombe nazo sizidziwa kuti kuno timayenda kumanzere. Woyendetsa nthawi zambiri amakhala kamnyamata koti sikanamalize n'pulayimale komwe, kakuwodzera pamwamba pa matumba a chimanga. Sindiwada eni ngolo, msewu ndi wawonso, ndipo popanda ngolo mbewu za kumudzi sizingafike pa msika. Koma tepi yonyezimira ija, yofiira ndi yoyera, imapezeka m'mashopu a zida za galimoto pa boma pomwe pano.

Malume anga ku Chamama ali ndi ngolo, ndipo ndinawagulira tepiyo n'kukawamatira ndekha pa thabwa lakumbuyo ndi m'mbali. Anaiyang'ana, kugwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndalamayo bola ndikanawagulira girisi wa mawilo. Mwezi watha anatumiza uthenga kuti ndiwabweretsere ina, aneba awo awiri akufuna.