Usiku umene chubu chinayaka m'manja mwa mkamwini

Masamu a nkhaniyi ndi ankhanza. Funde limodzi la wailesi pa 137 kHz limatalika mamita pafupifupi 2,200, ndipo eriyo yoti igwire bwino ntchito imafunika mamita 550, itaimirira chilili. Kumene ndimakhala ine, kuseri kwa Mangochi boma cha kumtsinje wa Shire, chinthu chachitali kuposa zonse ndi mlambe wa apongozi anga. Malowonso si anga. Ndine mkamwini.

Masana ndimakonza mawailesi, ma TV ndi mafoni pamsika. Usiku ndine wa amateur radio, gulu la anthu osagona amene amadzipangira okha zipangizo zoulutsira. Layisensi ya MACRA ndili nayo, ndipo dzina langa la pamlengalenga limayamba ndi 7Q monga la aliyense woulutsa ali m'Malawi muno. Anzanga anzeru amakhala pa shortwave, kumene kawaya ka mamita 10 kangakufikitse mpaka ku Brazil nyengo ikalola. Ine chinandilowa m'mutu ndi kanjira ka pansi penipeni, kuyambira 135.7 mpaka 137.8 kHz, kamene msonkhano wa ITU, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi padziko lonse, ku Geneva unapereka kwa ife mu 2007, ndi lamulo loti mphamvu yotuluka pa eriyo isapitirire wati imodzi. Lamulo limenelo silinandisowetse tulo. Ndi eriyo yaifupi ngati yanga, ukathira mawati 100, opita m'mwamba safika n'komwe wati imodziyo. Ena onse amangotenthetsa dothi ndi mawaya.

Mlambe ndinaupempha mwaulemu. Ine ndi apongozi akazi timalankhulana mpanda uli pakati, osaonana nkhope, monga mwambo unenera. Ndinanjuta mbali yanga ya mpanda nkuti, "Amayi, ndimati ndikolowekeko kawaya kumtengo uko." Iwo anangofunsa ngati malambe azibalabe. Nditawatsimikizira, anati, "Kolowekani, atate." Waya unachoka pa mlambe kukafika pa mgwalangwa wa aneba, pakati pake nkutsitsa wina kufika kuseri kwa khitchini.

Eriyo yaifupi chonchi siyendera popanda koyilo, ndipo koyilo ya 137 kHz si kanthu kobisa m'thumba. Imafuna chinthu chachikulu chozungulira choti ukulungepo waya wakopa mizere mazanamazana. Pakhomo pathu chinthu chotero chinalipo chimodzi, chigubu chabuluu chosungiramo madzi cha mayi a ana. Iwo anali kumaliro ku Malindi pamene chigubucho chimasintha ntchito.

Kenaka ethi. Pa mafunde otsika chonchi dothi ndi theka la eriyo, ndipo dothi lathu ndi mchenga wouma umene sufuna kumva za magetsi. Ndinakhomera zitsulo pansi, ndinakwirira mawaya kuloza mbali zonse, ndipo madzulo aliwonse ndinkathirira pamalopo madzi amchere kuti magetsi azidutsa bwino. Ana a m'mudzi ankaseka kuti amuna a anti akuthirira chitsulo kuti chimere. Akuluakulu sankaseka. Iwo anaona mchere basi. Mwamuna wobwera, wozungulira nyumba ndi mchere dzuwa likulowa, anthu samufunsa mafunso, amangouzana.

Vuto lina ndi loti wailesi imeneyi silankhula. Kanjirako n'kopapatiza, 2.1 kHz yokha, moti mawu a munthu sakwanamo bwino. Timatumiza Morse, kalembedwe ka timadontho ndi timizere, wochedwetsa dala wotchedwa QRSS. Wolandira samva kanthu ndi khutu, amangodikira timizere toyera tikukwawa pa kompyuta, chifukwa chizindikiro chikamachedwa kompyuta imatha kuchitola ngakhale chitamira m'phokoso. Ukafuna kufika kutali, kadontho kamodzi kamatenga mphindi yathunthu, kamzere mphindi zitatu. Kungolemba 7Q yokha, usanafike pa dzina lonse, ndi mphindi 29. Nditafotokoza zimenezi, mayi a ana, amene anali asanakhululuke za chigubu, anafunsa kuti, "Nanga bwanji osangowaimbira foni anthuwo?" Funso limenelo ndikulisinkhasinkhabe.

Ndinadikira mwezi wa Julaye. Nthawi ya dzinja mphenzi zimadzaza mafunde otsika ndi phokoso lokhalokha, ndiye nyengo yozizira ndiyo yabwino, makamaka usiku pamene mafundewa amayenda mtunda wautali. Chimene Julaye amabwera nachonso kunyanja kuno ndi mwera.

Usiku wakewo magetsi anali atazima, dera lonse lili bii. Ine sizinandikhudze poti ndimayendetsa zonse ndi mabatire a galimoto. Ndinadzuka pakati pa usiku, nkudzikulunga chitenje cha mayi a ana m'chiuno poti thalauza linali kutali, ndipo chifukwa cha udzudzu wa ku Shire, umene sudziwa kuti kunja kwazizira, ndinadzifunditsa neti yakale kumutu.

Pali njira yakale yoonera ngati eriyo yakhala bwino. Pamwamba pa koyilo pamaunjikana mavolti masauzande angapo, moti ukayandikitsapo chubu cha magetsi, chachitali choyera chija cha m'masitolo, chimayaka chokha m'manja mwako popanda waya uliwonse. Ndinachuna makina kuti kadontho kazitenga masekondi atatu okha, ndinatenga chubu nkukaima pambali pa chigubu. Chinayaka. Abale, chinayaka bwino! Masekondi 9 mbee, kenaka zii, masekondi 9 ena mbee, kenaka katatu mofupikitsa. Imeneyo inali 7 yanga, yoyera, yopanda chilema. Mwera unkagwedeza waya, ndiye ndinakweza chubucho m'mwamba, nditagadama khosi, kuti ndione ngati sukukhudza nthambi.

Ndi nthawi imeneyo imene apongozi anatulukira kupita kuchimbudzi.

Tiyeni tiwachitire chilungamo. Iwo ndi mayi wachikulire wa bondo lovuta, woyendera ndodo zaka zambiri. Akutuluka mumdima wandiweyani, akuona pansi pa mlambe chinthu chophimba kumutu, chopanda nkhope, chikuloza kumwamba ndi ndodo ya moto imene ikuyaka ndi kuzima mwa ndondomeko, ngati chikuitana china chake kuti chitere. Munthu aliyense wokulira m'mudzi amadziwa zimene zimatera usiku.

Mfuu umene anakuwa unadzutsa agalu mpaka kumlatho wa Bakili Muluzi. Ine ndinadzidzimuka nkubwerera m'mbuyo, chigongono nkukhudza waya wa pamwamba pa koyilo. Magetsi a wailesi sagwedeza ngati a m'nyumba. Amawotcha. Anandiboola kabala kakang'ono koyera koma kozama, ndipo fungo lake linali ngati la mbuzi yowaula. Ndinalumpha, chitenje chinakana kulumpha nane. Neti inakodwa pa chigubu, chigubu chinapendekeka, mizere ya waya inathithikana, ndipo moto wabuluu unayamba kudumpha kuchoka pa mzere wina kupita pa unzake, uku pulasitiki ikusungunuka ndi utsi wakuda. Makina, osadziwa kalikonse, anapitiriza kutumiza Q.

Oyamba kufika anali asodzi amene ankatsikira kudooko, nkhafi zili m'manja. Kenaka alamu anga ndi tochi ya pafoni, kenaka mudzi wonse. Anandipeza ndili ndi kabudula wamkati yekha, theka la neti kumutu, chubu m'dzanja limodzi, dzanja linalo likufunafuna waya wa batire. Nditauzula, kunangoti zii, kupatula alamu amene ankandiunikabe pamalo osafunika kuunika. Mayi a ana anafika pomaliza, nkuyang'ana chigubu, nkuyang'ana ine, nkutola chitenje chawo, nkubwerera kukagona. Apongozi anakapezeka pakhonde la mzikiti, mtunda woti ine ndimapuma kamodzi ndikamayenda. Ndodo yawo inatsala pakhomo pa chimbudzi.

M'mawa mwake kubwalo kwa amfumu kunadzaza kuposa tsiku logawa makuponi. Milandu inali yambiri. Wina anati waya uja ndi bwalo la ndege za usiku. Msodzi wina anati chiyambireni kuthira mchere, usipa wathawira kutali. Mayi wina anati wailesi yake imalira modabwitsa usiku, ndipo pa mfundo yokhayi ndinayang'ana pansi. Ndimadziwa kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mkamwini wotchula malamulo a boma pabwalo la eni mudzi amalongedza katundu tsiku lomwelo. Ndinangotulutsa layisensi.

Amfumu anaiwerenga mofatsa, mpaka kuseri komwe kulibe kanthu.

"Ndiye mumalankhula ndi ndani pa wailesi yanuyi?"

"Pakadali pano palibe, mfumu."

"Chiyambireni?"

"Palibe."

"Imaimba nyimbo?"

"Ayi, mfumu. Imalemba timizere."

"Timizereto amationa ndani?"

"Akanakhalapo munthu ku South Africa kapena ku Ulaya amene watchera kompyuta yake usiku womwewo, mwina akanationa."

Anthu anang'ung'udza. Ndinaona kuti ndikumira, ndiye ndinagwira Marconi. Ndinafotokoza kuti pa 12 December 1901 Guglielmo Marconi anaulutsa waya m'mwamba ndi kayiti ku Signal Hill, ku Newfoundland, nkunena kuti wamva chilembo S, timadontho titatu, kuchokera ku Poldhu ku England, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Ndinati wailesi zonse zimene anthu amamvera mpira lero zinayamba ndi munthu wooneka wopenga ataima pamphepo ndi waya. Amfumu anagwedeza mutu nkufunsa kuti, "Marconi ameneyo anali pachikamwini?"

Chigamulo chinadikira chionetsero. Ndinagula zigubu ziwiri, china cha mayi a ana, china changa, ndipo ndinakulunganso waya wonse uja chigongono chili ndi bandeji. Usiku wa chionetsero amfumu anabwera ndi nduna zawo. Ndinawaimika patali bwino ndi waya nkuwapatsa chubu. Chitayaka, nduna ziwiri zinakumbukira mwadzidzidzi kuti zasiya mbuzi panja. Amfumu, ndiwapatse ulemu wawo, sanasunthe. Anachitembenuza, nkuchiyang'ana kumapeto konse kufuna waya wobisika, kenaka anafunsa ngati ndingawakokere zimenezi kunyumba kwawo pa masiku ozima magetsi. Ndinawauza kuti chubucho chimayaka pokhapokha munthu ataima pafupi ndi chigubu, ndiponso kuti mawati 100 amenewa atangolumikizidwa ku mababu wamba angaunikire nyumba yawo yonse ndi ya aneba omwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanali maso okwiya, anali maso a chisoni. Anatembenukira kwa anthu nkunena kuti, "Munthuyu si mfiti. Mfiti imapindulako kanthu."

Ndinalipa nkhuku kwa apongozi chifukwa chowaopseza, ndi ina chifukwa cha zimene anaona alamu. Amfumu anandilamula kumanga kampanda kuzungulira koyilo ndi kusiya za mchere.

Nkhani ikanathera pomwepo pakanapanda bondo. Mudzi wonse unali utaona kuti mayi amene samatha kufika kumsika popanda kabaza anathamanga mpaka kumzikiti wopanda ndodo, ndipo sabata yonse yotsatira ankayenda okha kupita kumtsinje. Ine ndikudziwa kuti anachiritsidwa ndi mantha, ndipo ndinanena zimenezo kwa aliyense wofuna kumva. Panalibe wofuna kumva. Anayamba kubwera madzulo, mmodzimmodzi. Bambo wina wa msana anapempha kuti angokhudzako waya pang'ono. Ndinamuonetsa chipsera cha pachigongono kuti aone chimene waya umachita, iye nkufunsa ngati chigongonocho chimandipwetekanso. Ndinati ayi, chinapola. Anatembenukira kwa mnzake nkuti, "Wamva?"

Pano kampanda kaja ndinakakweza, ndinaikapo loko, ndipo ndikamaulutsa alamu amakhala pachipata ndi tochi kubweza odwala, ngakhale ndikukayika kuti ena amawalandira ndalama zoti aziyang'anira pa mpata. Dzulo madzulo ndikulumikiza mabatire ndinamva kutsokomola kuseri kwa mpanda waukulu. Anali apongozi, akulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ine ndimve: "Uwauze atate a ana ayatse chija usiku uno. Bondo layambanso. Koma avale thalauza."