Kanyenyezi kamodzi paphewa

Msuweni wanga wabwerako ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, ali ndi kanyenyezi kamodzi paphewa, ndiye agogo ku Kawale akungouza aliyense kuti mdzukulu wawo ndi mkulu wa asilikali onse, ine kuseka. Kanyenyezi kamodzi ndi Second Lieutenant, poyambira penipeni pa maofesala a MDF. Ziwiri ndi Lieutenant, zitatu Captain. Kunotu timati lefutenanti ngati ku Britain, za lutenanti zija ndi za mmafilimu aku America.

Koma chondizunguza mutu ndi ichi, mwana wadzulodzuloyu amupatsa platoon, anthu pafupifupi 30, mkatimo muli sajeni amene analowa usilikali iyeyu akadali ku pulayimale koma sajeniyo ndi amene amayamba kumenya saluti. Ndinamufunsa kuti aise sumachita manyazi? Akuti saluti ija sapatsa ine, amalemekeza udindowo, ndipo ofesala wanzeru amamvera sajeni wake chifukwa ndi amene amadziwa kuti uyu akudwala, uyu ngongole zamuvuta, uyu ndi waulesi chabe.

Agogo akuumirirabe kuti Loweruka ndiwaperekeze ku Kamuzu Barracks akaone ofesi yake.